Khoma la Malata Lachisanu Masana

Lachisanu, itangodutsa hafu leveni, a Aloysius Makwinja anakwera fokolifiti n'kuiliza. Sinali ntchito yawo. Iwo anali kapitawo wa nyumba yosungiramo katundu pa fakitale ya malata ya Nsanamira, kunsi kwa Limbe. Woyendetsa fokolifitiyo anali atatuluka kale, kuthamangira ku mzikiti.

Ananyamula mtolo wa malata aataliatali n'kukaukhazika pakati pa bwalo. Anabwerera, n'kutenga wina, n'kuusanjika pamwamba pa woyambawo. Sanasiye mpaka muluwo unatalika kuposa denga la kanyumba ka mlonda pa geti lakumbuyo.

M'kanyumbamo, mlonda Che Abdala anali atayandikiza foni kumaso. Ankalankhula ndi mwana wawo Hajira, yemwe ankagwira ntchito ku Joni. Mwadzidzidzi nkhope ya Hajira inauma pagalasi, kukamwa kuli yasa.

"Halo? Hajira? Iii, yadukanso."

"Netiweki ya kuno ndi choncho, mdala," anatero a Makwinja potsika. "Fulumirani, muchedwa kuswali. Kiyi ndisiyireni, mwina kubwera lole."

"Malatawa mwawatulutsanso?"

"Awothereko dzuwa. M'katimo muli chinyezi, angachite dzimbiri."

"Mulungu akudalitseni, bwana. Simutopa nane."

Che Abdala anapereka kiyi, n'kuvala chisoti chawo choyera, n'kunyamuka. Galimoto ya mwini fakitale, a Shukri, inali itatulukira kale pa geti lakutsogolo, nayonso ya ku mzikiti. Antchito otsala analowa mu kantini momwe ankachitira mapemphero a masana. Posakhalitsa kolasi inayamba, ndi kuwomba m'manja komwe. Pabwalo panalibenso munthu.

A Makwinja anaima pa geti n'kutulutsa foni. Anayang'ana pakona pomwe pamakhala kachizindikiro ka waifai. Kanali katasowa. Anasuntha pang'ono, n'kuyang'ananso. Kulibe. Apo anatsegula geti.

Lole yabuluu inalowa chafutambuyo. Dalaivala wake, Kenny, anatulutsa mutu pawindo n'kuloza kamera yomwe inali pansi pa denga la kanyumbako.

"Nanga kadiso ako, biggie?"

"Kagona. Tsegula kumbuyo."

Mitolo inakwera msangamsanga. Lole itatuluka, a Makwinja anatseka geti, n'kugumula mulu uja, n'kubwezera malata m'nyumba yosungiramo. Analowa mu kantini pemphero lotsekera lili m'kati. Anatsinzina limodzi ndi anzawo. Amen wawo anamveka kuposa wa onse.

Limeneli silinali Lachisanu loyamba.

Nkhani inaululika Lolemba lina m'mawa. Akuluakulu a mpingo wina wa ku Chiradzulu anabwera ndi lole kudzatenga malata ofolerera tchalitchi chawo. Malatawo sanakwane. A Shukri analowa okha m'nyumba yosungiramo katundu, n'kuyenda mzere ndi mzere. Kutsogolo mitolo inali yodzaza bwino. Kumbuyo kwake kunali mphako yoti galimoto n'kuimikamo.

Anathamangira mu ofesi kukaona zomwe makamera anajambula. Zithunzizo zinali zodukaduka. Apa kamera yazima kanthawi kochepa, apo yazima ola lathunthu, m'mawa, masana, ngakhale Loweruka. Panalibe poyambira.

Yemwe anaika makamerawo ndi netiweki yonse ya pafakitalepo anali Tionge Chikopa, mtsikana wa ku Chigumula yemwe analembedwa ntchito chaka chomwecho. Fakitaleyo inamuvutitsa kuyambira tsiku loyamba. Denga chitsulo, makoma chitsulo, katundu chitsulo. Makina opinda malata akangolira, netiweki inkagwa. Owotcherera akayatsa moto wawo, inkagwanso. Tionge ankakhalira kuzungulira ndi laputopu m'manja, makwerero paphewa, kusuntha timabokosi toyera ta waifai kuchoka pa nsanamira iyi kupita pa iyo. Pomwe lero pagwira, mawa wina waimikapo ngolo ya zitsulo, pafa.

Kamera ya ku geti lakumbuyo ndiyo inali kutali kwambiri. Tionge anapempha kuti akumbe pabwalo, adutsitse chingwe pansi. A Shukri anakana kuswa simenti yomwe malole amapondapo. Ndiye anaika timabokosi tiwiri toyang'anizana, kena pakhoma la ofesi, kena padenga la kanyumba ka mlonda. Zithunzi za kamera zinkadutsa m'malere pakati pa tiwiriti.

A Makwinja anaima pakhomo la ofesi, chipewa chili m'manja.

"Sindifuna kunamizira mwana wa eni, bwana," anatero motsitsa mawu. "Koma pasiwedi ya makamerawa ali nayo ndani? Amabwera Loweruka, kuno kulibe anthu, ndani? Ndamvanso kuti amatha kuzimitsa kamera ali kwawo, pafoni pomwepo."

A Shukri anaimbira apolisi.

Masana a tsiku lomwelo apolisi anamutsitsa Tionge pamakwerero. Anamutengera ku polisi ya Mthunzini m'manja mukadali fumbi la kudenga. Wofufuza milandu, Sajeni Eliot Kamwendo, anali bambo wowonda, wosakonda kukweza mawu. Anamukankhira mpando ndi phazi.

"Khalani, achemwali. Makamera mumazimitsa ndinu?"

"Ayi, bwana. Amazima okha."

"Okha."

"Netiweki ikagwa, kamera imasiya kutumiza zithunzi. Ndakhala ndikuwauza abwana."

"Mungathe kuzimitsa muli kunyumba?"

Tionge anazengereza. "Ndingathe. Koma sindinachitepo."

"Pasiwedi ya waifai munapatsako munthu wosayenera?"

"Mlonda. Che Abdala."

"Chifukwa?"

"Mwana wawo ali ku Joni. Ankagula bandulo n'kugona ndi njala."

Sajeni Kamwendo analemba osadzutsa mutu. "Mlonda wa pa geti lomwe katundu akuganiziridwa kuti amatulukira. Mukuona momwe zikuonekera?"

"Ndikuona, bwana."

"Lolemba likubwerali mukaonekera ku khoti. Pakapanda kupezeka wina, mlandu ndi wanu."

Anamulowetsa m'chitokosi cha amayi. Wapolisi wamkazi yemwe anatseka chitsekocho anabweranso patapita kanthawi, n'kumuponyera chitenje. Tionge anachiyala pansi, n'kugwada. Mawu opempherera sanabwere ambiri. Anangoti, "Ambuye, mukudziwa." Ankaganiza za amayi ake, omwe anagulitsa munda wawo wa ku Thyolo kuti iye aphunzire ntchito imeneyi. Munthu wa makompyuta amene wamangidwapo chifukwa chakuba, palibe kampani ingamupatsenso pasiwedi.

Lachiwiri madzulo kunabwera mlendo. Anali Che Abdala, ataweruka kuntchito. Anabwera ndi tiyi mu fulasiki yakale ndi mabanzi m'kajumbo. Wapolisi wamkazi uja anawalola kukhala pabenchi ya pakhonde.

"Imwani, mwanangu. Shuga ndathira wambiri."

"Mwavutikiranji, Che Abdala? Mpaka kuno?"

"Ndayenda pang'onopang'ono, si patali." Anamuthirira tiyi m'chivundikiro cha fulasiki. "Akuti mwa zina akumangirani pasiwedi munandipatsa ija. Usiku wathawu sindinagone."

"Musadandaule nazo. Hajira ali bwanji?"

"Ali bwino. Kungoti sitimalizitsa nkhani. Iye amapuma Lachisanu lokha, ndiye amaimba ndisananyamuke kupita kuswali. Tikangofika pokoma, yaduka. Mwezi ndi mwezi, sindinamumvepo akutsanzika."

"Masiku ena imaduka?"

"Imachita kugwedera, kenaka yabwerera. Koma Lachisanu imapitiratu. Ndimaipeza yabwerera ndikachokera ku mzikiti."

Tionge anatsitsa chivundikiro chija. "Lachisanu nthawi imeneyo makina amakhala atazimitsidwa. Owotcherera amakhala atatuluka. Imeneyo ndiye nthawi yoti izigwira bwino kuposa zonse."

"Kaya, ine za zimenezi sindizidziwa."

"Ikamaduka, pabwalo pamakhala pakuchitika chiyani?"

"Palibe. A Makwinja okha, akuyanika malata."

"Akuyanika?"

"Kuti asachite dzimbiri. Amawaunjika pakati pa bwalo."

"Mulu wake umatalika bwanji?"

Che Abdala anakweza dzanja mmwamba. "Ofesi siioneka."

Tionge anaimirira, tiyi n'kutayikira pa chitenje. "Nanga mukapita ku mzikiti, pa geti pamatsala ndani?"

Nkhalambayo inayang'ana pansi. Lamulo la pafakitale linali lakuti mlonda akachoka, atseke geti, kiyi apite naye. Wosiyira kiyi munthu wina, ntchito inkathera pomwepo. Che Abdala anali ndi zidzukulu zitatu pakhomo.

"A Makwinja amandisungira kiyi," anatero pomaliza. "Amati mwina kubwera lole. Ine ndinkati ndi chifundo."

"Mukanena zimenezi kwa a Sajeni, mwina akuchotsani ntchito."

Che Abdala anatseka fulasiki bwinobwino, n'kuiika m'kajumbo. Anapukuta manja pa thalauza.

"Ofesi yawo ndi iti?"

Sajeni Kamwendo anamvetsera onse awiri mpaka kumaliza. Anatembenuza cholembera m'zala kwa kanthawi.

"Mukuti malata angatseke netiweki? Chinthu chosaoneka ndi maso?"

"Timabokosi tija timafunika tiziwonana, bwana. Pakati pakaima chitsulo, ndiye basi."

"Ndikaone ndekha."

Lachitatu m'mawa Tionge anatuluka pa belo. Madzulo ake, antchito onse ataweruka, Sajeni anamutengera ku fakitale pa galimoto yopanda zizindikiro. A Shukri anawalandira nkhope ili gwa. Tionge anawapatsa moni, iwo anangogwedeza mutu.

Tionge anawakhazika a Shukri kutsogolo kwa sikirini mu ofesi. Kamera ya ku geti lakumbuyo inkaonetsa bwino: geti, msewu wafumbi, mbuzi ikudya m'mbali. Panja, Sajeni Kamwendo anavula jekete. Iye ndi Che Abdala ananyamula lata limodzi, n'kukwera pa migolo, n'kuliimika kutsogolo kwa kabokosi ka padenga la kanyumba.

Mbuzi ija inauma mutu uli m'mwamba. Kenaka sikirini inada.

Atatsitsa latalo, chithunzi chinabwerera. Analikwezanso. Chinadanso.

A Shukri anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Aloysius wagwira ntchito kuno kuyambira nthawi ya bambo anga."

"Sindinanene kuti ndi iwowo," anatero Sajeni polowa, akusasa dzimbiri m'manja. "Taona kuti kamera ingathe kuzima popanda pasiwedi. Koma kuyanika malata si mlandu. Kusunga kiyi wa nkhalamba si mlandu. Ndikawagwira lero, akana, ndipo achemwaliwa akaimabe m'khoti Lolemba."

"Ndiye titani?" anafunsa a Shukri.

"Abenso. Ife tikuona."

"Sangabenso apolisi atabwera kale."

"Angabe, akamva kuti ndi mwayi womaliza, komanso kuti womunamizira ali panja." Sajeni anatembenukira kwa Tionge. "Kodi kamera ingathe kumaona, khoma lawolo lili chiimire?"

"Ndi chingwe, inde. Nditha kuchidutsitsa mu ngalande ya madzi, m'mbali mwa mpanda. Ndi njira yozungulira, koma chifika."

"Nanga osangokweza timabokosito pamwamba, kuti malata asatitchinge?" anafunsanso Sajeni.

"Ayi, bwana," anatero Tionge. "Timabokosi tisatikhudze. Munthu sangatsegule geti asanatsimikize kuti kamera yagona. Sikirini ili muno, ofesi imakhala yokhoma. Ndiye amatsimikizira pati? Pafoni yake. Waifai ya ku geti imadutsa m'timabokosi tomweto. Ikasowa pafoni, amadziwa kuti kamera nayo yapita."

Sajeni anamwetulira koyamba. "Ndiye foni iziwauza zomwe anazolowera."

Anagwira ntchitoyo dzuwa lisanalowe. Tionge anakwawa mu ngalande, akukoka chingwe, mawondo ali matope okhaokha. Che Abdala ankatsatira kumbuyo ndi fosholo, akukwirira ndi mchenga. Pofika pa kanyumba, anachikweza kuseri kwa paipi ya madzi a mvula n'kuchipaka dothi. Atamaliza, anapeza beseni la madzi ndi sopo zili pa sitepe ya ofesi. A Shukri anali atalowa m'kati, akuyang'ana kwina.

Lachinayi m'mawa a Shukri anasonkhanitsa antchito pabwalo.

"Lolemba kubwera kampani ya ku Lilongwe," analengeza. "Aswa simenti iyi, makamera onse aikidwa zingwe. Za kuzimazima zatha. Mtsikana uja apolisi amutulutsa pa belo, foni yake amubwezera, ine sindikumvetsa. Aliyense akhale maso."

"Zomvetsa chisoni, bwana," anatero a Makwinja, akupukusa mutu. "Ana a masiku ano."

Lachisanu, Tionge ndi Sajeni analowa m'fakitale m'mamawa, atawerama pampando wakumbuyo wa galimoto ya a Shukri. Anakhala mu ofesi makatani ali otseka. Apolisi ena awiri ovala wamba anakhala mu minibasi yomwe inaima kumtunda kwa msewu wafumbi, boneti ili yotsegula ngati yawonongeka.

Itakwana leveni koloko makina anazima. Asilamu anayamba kutuluka awiriawiri. A Shukri anakhoma ofesi kunja monga mwa masiku onse, n'kuliza galimoto.

Hafu leveni inakwana. Pabwalo panali zii.

Mu kantini kolasi inayamba. Pa sikirini, Che Abdala ankaoneka pakhomo la kanyumba kawo, foni ili kumaso. Nthawi yawo yonyamukira inali itadutsa. Ankangofunsa Hajira za nyengo ya ku Joni, za mtengo wa tomato kumeneko, za chilichonse.

"Sabwera," anatero Tionge chapansipansi.

"Dikirani."

"Akapanda kubwera?"

Sajeni anayang'ana wotchi. Onse ankadziwa yankho lake. Tionge anapinda manja pamiyendo, milomo ikugwedera popanda mawu.

Thwelofu ili pafupi, fokolifiti inalira.

Tionge anasuzumira pampata wa katani. Mtolo woyamba unatera pakati pa bwalo. Wachiwiri. Wachitatu. Kanyumba ka mlonda kanayamba kubisika, kuyambira pakhomo mpaka kudenga. Pa sikirini, Che Abdala anagwedeza foni, n'kuiyang'ana, n'kuiika m'thumba. Chithunzi cha kamera sichinagwedere n'komwe.

A Makwinja anatulukira pa sikirini. Anawasisita paphewa Che Abdala, n'kulandira kiyi. Nkhalambayo inavala chisoti n'kupita osacheuka.

Tsikuli a Makwinja sanafulumire. Anayenda mpaka pansi pa kamera n'kuyang'ana m'mwamba. Nkhope yawo inadzaza sikirini yonse, mpaka thukuta la pamphuno linkaoneka. Maso awo anayenda pang'onopang'ono, kuchoka pa kamera, kupita pa kabokosi, kutsikira ku paipi ya madzi.

Tionge anasendera pafupi ndi sikirini.

A Makwinja anatulutsa foni. Anaiyang'ana. Anapita kumanzere kwa geti, n'kuiyang'ananso. Anapita kumanja, n'kuikweza m'mwamba. Miyezi yonseyi foniyo inali isanawanamizepo. Anaibwezera m'thumba n'kulowetsa kiyi pa loko.

Lole yabuluu inalowa chafutambuyo. Tayala lakumbuyo linaponda m'mphepete mwa ngalande. Chithunzi chinanjenjemera kamodzi, n'kukhazikika.

"Tiyeni, bwana," anatero Tionge.

"Ayi. Akweze kaye."

Mtolo woyamba unakwera. Wachiwiri unakwera. Kenny anayamba kumanga zingwe, akuimba likhweru. Sajeni Kamwendo anatenga foni yake.

"Tsekani msewu," anatero, n'kutsegula chitseko chakumbali ndi kiyi yemwe a Shukri anamusiyira.

Minibasi ija inatsika n'kuima chopingasa pa geti. Kenny analumpha pa lole n'kuthamangira kumsewu, koma anakagwera m'manja mwa wapolisi yemwe ankatsika kumene. Sajeni anazungulira khoma la malata akuyenda mwachifatse. A Makwinja anali akadali pa fokolifiti, mtolo wachitatu uli m'malere.

"Tsitsani katunduyo, bambo. Pang'onopang'ono."

Mtolo unatsika. A Makwinja anazimitsa injini n'kuyesa kuseka.

"A Sajeni! Mwatipeza tikugwira ntchito. Iyi ndi oda ya kasitomala."

"Yotulukira kumbuyo, mwini wake ali ku mzikiti?"

"Ndi yachangu."

"Kasitomala wake ndani?"

A Makwinja anayang'ana Kenny. Kenny anali atagona chafufumimba pafumbi, manja ali kumbuyo.

"Ine ndimangotumidwa, bwana!" anakuwa Kenny. "Biggie anati kadiso kagona! Lachisanu lililonse amatero!"

"Khala chete, iwe!"

"Tsikani," anatero Sajeni. "Manja kutsogolo."

Phokosolo linatulutsa anthu mu kantini, ena mabuku a nyimbo ali m'manja. Anaima mozungulira. Apo a Makwinja anamuona Tionge ataima pambali pa khoma lawo la malata. Unyolo usanatseke, anapisa m'thumba n'kutulutsa foni, n'kuiyang'ananso ngati munthu wosakhulupirira.

"Koma palibe netiweki apa," anatero. "Onani nokha. Palibe."

"Foni yanu sinakunamizeni, a Makwinja," anatero Tionge. "Waifai kulibedi."

Unyolo unalira. Wapolisi anawalanda foniyo n'kuwatsogoza ku minibasi. Podutsa pa kanyumba ka mlonda, Sajeni anazula kiyi pa loko n'kumuika m'thumba la malaya.

Itangodutsa wani koloko galimoto ya a Shukri inabwerera. Pampando wakutsogolo panali Che Abdala, atakhala mowongoka ngati akuopa kudetsa mpando. Sajeni anapereka kiyi kwa mwini fakitale. A Shukri anamuyang'ana kiyiyo kwa kanthawi. Che Abdala anavula chisoti n'kudikira.

"Lamulo munaliphwanya, Che Abdala."

"Ndinaliphwanya, bwana."

A Shukri anawaikira kiyiyo m'manja. "Kuyambira lero, Lachisanu muzitseka geti, kiyi m'thumba, muzikwera galimoto yanga. Tonse timapita kumodzi, ine ndinkangokusiyani muyende wapansi."

Kenaka anatembenukira kwa Tionge. 

"Amayi anu ali kunyumba madzulo ano?" anafunsa.

"Ali konko, bwana."

"Ndibwera. Zina si zonenera pabwalo."

Lolemba, ku khoti, dzina la Tionge Chikopa silinaitanidwe. Anaitanidwa Aloysius Makwinja ndi Kenny. Malata ena anapezeka ku Bangwe, kuseri kwa shopu ya mlamu wake wa Kenny, chidindo cha Nsanamira chikuonekabe. Zithunzi za kamera zitaonetsedwa, a Makwinja anavomera mlandu. Woweruza anawalamula kukakhala kundende zaka zinayi, Kenny ziwiri. Mpingo wa ku Chiradzulu unalandira malata ake mvula isanayambe.

Sabata yomweyo Tionge anaimika mlongoti wautali pa kanyumba ka mlonda, wina pa ofesi, n'kukweza timabokosi tija pamwamba pomwe fokolifiti singafike. M'kati mwa fakitale netiweki inkagwabe makina akalira, ndipo iye ankazungulirabe ndi makwerero ake. Koma ku geti lakumbuyo inakhazikika.

Lachisanu lotsatira, itangodutsa hafu leveni, a Shukri anaimika galimoto pa geti lakumbuyo n'kuliza hutala kamodzi. Che Abdala sanatuluke. Tionge, yemwe ankadutsa ndi laputopu, anasuzumira m'kanyumbamo. Nkhalambayo inali itakhala pa sitululu, foni ili pamiyendo, galasi litada kale.

"Yadukanso?" anafunsa Tionge.

"Ayi, mwanangu." Anapukuta m'maso ndi chisoti. "Wadula yekha. Wati, 'Tsalani bwino, baba, mukandipempherere.'"

Anaimirira, n'kutseka geti, n'kugwedeza loko kawiri. Kiyi anamuika m'thumba la pamtima, n'kupita kukakwera galimoto.